Miphika Yomangidwa m'Chitenje ku Kabwata

Loweruka ng'oma ikalira pakati pa mafulati a ku Kabwata, anthu sadabwa. Amadziwa kuti ndi chilanga mulilo. Azimayi ovala chitenje cha mtundu umodzi amatsika m'minibasi atasenza miphika yomangidwa m'nsalu, uku akuimba, kulunjika kwa makolo a mwamuna.

Mwambowu ndi wa Abemba. Akuchikazi amaphika nsima, nkhuku ya kumudzi, kapenta, chikanda, ndiwo zotendera ndi munkoyo. Akafika, alangizi amagwada n'kumasula mfundo za nsaluzo ndi mano, akuchimuna akuponya ndalama. Kenako amamusambitsa mkamwini m'manja, n'kumuonetsa chakudya chilichonse pachokha. Kuyambira tsikulo ndi womasuka kudya kwa apongozi ake.

Lero mu Lusaka mwambowu amauchita aliyense: Achewa, Ansenga, Atonga ngakhale Alozi. Zopereka zimasonkhedwa pa gulu la WhatsApp, ndipo mabanja ena amalemba ganyu ophika ndiwo zimene kale ankaphika azakhali. Wojambula ndiye wasanduka mfumu ya pamwambo. Akaona kuti nyimbo yamudutsa, amakweza dzanja, amayi akuluakulu n'kubwerera pachipata kukayambanso. Mkwatibwi naye ndondomeko yonse anaionera kale pa TikTok ndi Facebook asanakhale pansi ndi mlangizi, ndipo chimene amasungapo kwambiri ndi mavalidwe.

Kubwereka mwambo si mlandu. Chodandaulitsa n'chakuti ana ambiri a makolo ochokera ku Katete kapena ku Chadiza amayesa kuti agogo awo ankachitanso zomwezi. Kwa Achewa ukwati unkamangidwa ndi ankhoswe, ndipo mwamuna ankapita chikamwini kumudzi kwa mkazi, kukamanga nyumba ndi kulima munda wa apongozi. Zimenezi zilibe chitenje chofanana, choncho pa foni sizioneka.

Komatu kusakanikirana kwa anthu ku Kabwata sikunayambe lero. Mu Burma Road muli Kabwata Cultural Village, timanyumba tozungulira tofolera udzu timene boma la atsamunda linamangira amuna obwera kudzagwira ntchito mu Lusaka, akazi awo atatsala kumudzi. Tambiri tinagwetsedwa kuti pamangidwe mafulati. Totsalato, 43, tinaperekedwa kwa osema ziboliboli ndi amisiri ena mu 1974, ndipo ogula ambiri kumeneko ndi alendo ochokera kunja.