Mmisiri sagona m'nyumba yomwe wamanga

Wosewera mpira woyendayenda ali ngati mmisiri womanga nyumba. Zida zake amayenda nazo, mwini malo akamuitana amapita, denga likakwera amamanga katundu. Akamayamika nyumba, anthu amatchula mwiniwake.

Amalawi a ku Pretoria sasowa chitsanzo. Ku Mamelodi, kum'mawa kwa mzindawu, achikulire okonda Sundowns amakumbukirabe wosewera wapakati yemwe ankamutcha Ernest Chirwali, kapena kungoti "Wire". Kwathu ndi Ernest Mtawali. Mayina awiriwo ali ndi chifukwa chake. FIFA idachotsa South Africa mu 1976 chifukwa cha tsankho ndipo idaibwezera mu 1992, choncho mlendo wokasewera kumeneko m'zaka zimenezo ankadziika pachiswe choletsedwa mpira, ndipo dzina lina linkathandiza kubisala. Mtawali adachoka ku Hardware Stars, nakatchuka ku Bloemfontein Celtic yomwe idatenga chikho cha Mainstay mu 1985, kenaka Sundowns. Kuchoka apo mwendo sudapume: Newell's Old Boys ku Argentina, Toulouse ku France, Al-Wehda ku Saudi Arabia, n'kubwereranso ku Joni. Mu 2015 adapatsidwa Flames, timu ya dziko lathu, kuti aiphunzitse.

Ena akaona mndandanda wotere amati munthuyu ndi wosakhazikika. Ine ndimakana. Kodi mmisiri wosadziwa kuwongola khoma angaitanidwe m'maiko anayi? Mbiri ya ntchito yake ndiyo imamutsogolera, ndipo amene amaifalitsa ndi ejenti, yemwe naye amadyapo yake.

Kusamukako nthawi zambiri sikukhala kufuna kwa wosewera. Kontrakiti imakhala ya chaka chimodzi, ziwiri, mwina zitatu. Timu ina ikamufuna isanathe, imalipira timu yake, osati iye. Tikamva mamiliyoni pa wailesi tisafulumire kutumiza uthenga wopempha ya feteleza. Pena amangobwerekedwa, monga momwe mwini malo amatumizira mmisiri wake kwa mnzake kuti akathandize kwa nyengo. Mlendo ali ndi mtolo winanso. Timu ya mu PSL, ligi yaikulu ya ku South Africa, imaloledwa kulembetsa alendo asanu okha, ndipo aliyense amafunika chitupa chogwirira ntchito. Mphunzitsi watsopano akabwera ndi anthu ake, kapena bondo likavuta miyezi ingapo, woyamba kuyang'anidwa ndi mlendo, pakuti malo akewo ndi osowa.

Ndiye pali china chomwe ku Joni chafika ponyanya: nyumba imagulitsidwa mmisiri ali pamwamba pa khoma. Bidvest Wits, komwe Gabadinho Mhango adatenga nawo ligi mu 2017, idagulitsidwa mu 2020. Celtic, yomwe idadyetsa Amalawi ambiri kuphatikizapo John Maduka ndi Limbikani Mzava, idatsatira mu 2021. Pretoria yomwe siidapulumuke: SuperSport United, komwe Atusaye Nyondo adasewerako asanapite ku University of Pretoria, idagulitsidwa mu 2025 n'kusanduka Siwelele ya ku Bloemfontein. Wosewera amagona ali wa mzinda uno, n'kudzuka akuuzidwa kuti ntchito yasamukira kutali, ana ali pasukulu, lendi atalipira kale.

Pamene fanizoli likuperewera ndi pa msinkhu. Mmisiri wa zaka 55 ndiye amafunidwa kwambiri, ndipo amakhala ndi anyamata omupondera matope. Wosewera akadutsa zaka 33, foni ya ejenti imayamba kulira osayankhidwa, ndipo makontrakiti amafupika mpaka miyezi isanu ndi umodzi.