Mzere umene umasankha phungu wa Chipata Central

Ntchito yanga ndi ya mapu a masankho, ndipo ndikatero anthu amayesa kuti ndimawerenga mavoti. Ayi, ine ndimayang'ana mizere: uja umene umati wa tsidya lino la mtsinje avotera phungu uyu, wa tsidya linalo avotera wina, ngakhale onse amagayitsa pa chigayo chimodzi.

Tengani Chipata Central. M'ntchito yathu dera lotere timati n'lopendekeka, chifukwa palibe chipani chimene chingagone tulo n'kumati mpandowu ndi wake. Mu 1991, pomwe MMD inasesa dziko, Kum'mawa kunakana: mipando yonse 19 ya chigawo chino inapita ku UNIP ya a Kaunda. Koma pofika 2006 a Lameck Mangani anapambana kuno pa tikiti ya MMD, ndipo pambuyo pake anakhala nduna yoona za m'dziko m'boma la a Rupiah Banda. Mu 2011 mpando unatsalabe ku MMD, koma wokhalapo anali a Reuben Mtolo Phiri, a Mangani atalowera ku PF. Khoti lalikulu la Supreme linafafaniza chipambanocho mu 2013, masankho n'kubwerezedwa mu July chaka chomwecho. PF inali m'boma, komabe a Mtolo anagonjetsanso a Mangani. Mu 2016 a Moses Mawere anatengera mpandowu ku PF, ndipo mu 2021 a Mtolo anabwerera, ulendo uno atavala zofiira za UPND.

Onani bwino mndandandawo. Zipani zasinthana, koma maina ndi omwewo. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi a ku Lusaka amene amamaliza nkhani yathu ndi mawu oti "wako ni wako". Nanga opikisanawo si athu onse? Chimene ndimaona ine n'chakuti mzerewu unamanga pamodzi anthu a njala zosiyana. Mayi wogulitsa pa Saturday Market, wokhala ku Mchini kapena ku Navutika, amafunsa za mtengo wa unga, madzi ndi ngalande. Mlimi wa kumapeto kwa dera lomwelo amafunsa ngati fataleza ifika mvula isanagwe, ndiponso ngati bungwe logula mbewu la FRA lilipira chimanga pa nthawi yake. Unga ukatsika mtengo mayi uja amasekerera, mlimi akulira. Phungu mmodzi ayenera kukondweretsa onse awiri, ndipo poti pa mpando wa phungu wopambana ndi amene wangoposa mnzake, ngakhale ndi voti imodzi, mudzi umodzi kuulowetsa kapena kuutulutsa mu mzere kungathe kutembenuza zonse.

Nanga mizereyi amaijambula ndani? Malamulo a dziko anapereka ntchitoyi ku bungwe loyendetsa masankho la ECZ, kuti liziunika malire zaka khumi zisanadutse. Limayang'ana kuchuluka kwa anthu, mapiri ndi mitsinje, misewu, mbiri ya anthu okhala limodzi, komanso kuti dera la phungu lisadumphe malire a boma. Kale boma la Chipata linali ndi madera anayi: Chipata Central, Luangeni, Kasenengwa ndi Chipangali. Mu 2018 awiri omalizawa anakhala maboma paokha. M'dziko lonse madera anali 150 kuyambira 1991, ndipo mu 2016 anafika 156.

Pali china chimene chimandisowetsa mtendere. Mu 2022 ndalama za chitukuko cha madera a aphungu, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, mofanana, kaya muli anthu ochepa kaya odzaza ngati ku Kapata. Ndiye kuti mwana wa m'komboni yothithikana amalandira kagawo kakang'ono ka desiki ndi mjigo kuposa mnzake wa dera la anthu ochepa, chifukwa cha mzere basi.

Ndinakhalapo pa msonkhano wina womva maganizo a anthu za malire. Mafumu analipo, makhansala ndi a zipani analipo atanyamula mapu awo ojambuliratu. Ndinayang'ana m'holo monse kufuna mayi wa pa msika kapena mlimi wopalasa njinga, osamuona ndi mmodzi yemwe, chikhalirecho mzere umene tinkakanganirana tsikulo unkadutsa kuseri kwa nyumba zawo.