Si chilungulira chilichonse chimamva soda

Bambo wina wogulitsa mbatata ya kachewere pa Lizulu anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, malaya ali chonyowa ndi thukuta pomwe kunja kunali chisanu cha Juni. Ululu wa pachifuwa unamuyamba m'mawa akukweza matumba m'lole. Anzake anamusungunulira soda m'kapu, amvekere, "Achimwene, n'chilungulira ichi, chitha." Tinamutumiza ku chipatala chachikulu, koma maola ofunika anali atathera pamsika.

Mawu akuti chilungulira anditopetsa. Pachifuwa pakapweteka, kwathu kuno timathamangira mayina awiri: chilungulira kapena chibayo. Mtima sitiutchula, ati ndi matenda a mabwana, ngati aja anatenga pulezidenti Bingu wa Mutharika mu Epulo 2012. Bodza limenelo likutiphetsa. BP, shuga ndi fodya sizifunsa ngati munthu ali ndi galimoto.

Matenda a bambo uja ife madokotala timati myocardial infarction. Tanthauzo lake n'lakuti mtsempha wodyetsa mtima watsekeka, magazi sakudutsa, ndipo mnofu wa mtimawo wayamba kufa. Soda angatsegule bwanji mtsempha?

Wodwala akamafotokoza, ine ndimayang'ana dzanja lake. Woloza ndi chala chimodzi pamalo pobaya akapuma kapena akatembenuka, kawirikawiri vuto limakhala la nthiti, minofu kapena mapapo. Koma bambo uja anakunga chibakera n'kuchiika pakati pa chifuwa. "Adokotala, ngati andisenzetsa thumba pano," anatero. Kulemerako kunkatsikira kumkono wamanzere, kukwera kunsagwada, mpweya ukuperewera, mseru ukubwera. Ndisanaganize n'komwe za ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima, chibakera chija chinali chitandiuza zambiri.

Chimandidetsa nkhawa n'chakuti amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu woterewu. Amangofooka, kubanika, kapena kumva kutentha pamwamba pa mimba, ndiye dzina la chilungulira limakakamira.

Zochita ndi izi. Kulemera pachifuwa kukapitirira mphindi 15 munthu atapuma, mukhazikeni pansi, asayende yekha, pezani galimoto. Ngati aspirin samuwenga ndipo alibe zilonda za m'mimba zotaya magazi, angathe kutafuna wa 300 mg, koma piritsilo silikulowa m'malo mwa chipatala. Mwina tidzakuuzani kuti chinali chilungulira ndithu, ndipo sitidzakukalipirani.

Inu a pamsika wa Lizulu, mnzanu akagwira chifuwa thukuta lili kamukamu, siyani kaye sikelo ndi matumba, muthamange naye.