Bajeti Yoganizira Amayi Si Kathumba Kapadera

Nthawi ya bajeti ikafika, funso lomwe ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Nanga ndalama za amayi zili pati?" Ambiri amayesa kuti nkhaniyi imathera pa kathumba koperekedwa ku unduna wa jenda. Ine ndikuti funso loyenera ndi lofunsa unduna uliwonse kuti ndalama zake zikufikira ndani. Kuika mbale ya nsima pakati pa mkeka sikutanthauza kuti onse akhuta, pakuti wadzanja lalitali ndiye amatsiriza. Unduna wa maphunziro ukamanga sukulu yopanda chimbudzi cha atsikana chokhala ndi chitseko ndi madzi, mtsikana wotha msinkhu amajomba masiku ake a kumwezi, ngakhale pa pepala sukuluyo ndi ya ana onse. Mjigo ukafa ndalama zokonzera palibe, wodzuka mbandakucha ndi ndowa pamutu ndi mayi.

Ena amati zimenezi n'zongochulutsa mapepala m'maofesi, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka ngati pepalalo silikakamiza munthu kuchita kanthu. Koma ku Uganda, lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma la 2015 limafuna kuti bajeti ya unduna ikhale ndi chiphaso chotsimikiza kuti yaganizira amuna ndi akazi mosakondera, choperekedwa ndi nduna ya zachuma itamva maganizo a bungwe la Equal Opportunities Commission. Kuno ku Malawi lamulo la 2013 limati polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse. Limenelo likunena za mipando. Pa za ndalama, ndikufuna aphungu athu azibweza bajeti ya unduna womwe sunafotokoze amene apindule nayo.