Amisiri a maboti a ku Ngara ndi miyeso ya m'mutu

Mukatsika minibasi pa Ngara, pamsewu wa M1 pakati pa Chilumba ndi boma la Karonga, choyamba kukulandirani ndi fungo la usipa wapathandala. Mukalowera kumchenga mumamva hamala ikugogoda. Pamthunzi pamakhala boti longoima msana ndi nthiti, mmisiri ali chogwada pambali pake, pensulo kukhutu, akusuzumira ngati thabwa lagona bwino pa linzake.

Zombo za pano n'zamitundu iwiri. Bwato amasema ku thunthu limodzi ndi nkhwangwa ndi nsompho, ndipo diso la wosema ndilo limaweruza makulidwe a khoma lake. Boti amakhoma ndi matabwa, ndipo limadutsa m'manja ambiri. Ocheka matabwa ali kumapiri. Mmisiri ndi anyamata ake amapala, kupinda ndi kukhoma, kenako amatseka mipata ndi thonje kapena nsanza n'kumata phula. Makanika amadikira kumbuyo kwa boti kumene kumakhala injini. Ndalama amatulutsa ndi mwini zida, pomwe moyo umene udzakwere botilo ndi wa alovi, anyamata okoka chilimira usiku, amene amatsatira nyali za siginala mpaka usipa utasonkhana. Amayi ogula ndi kuyanika nsomba nawonso chakudya cha ana awo chili pa misomali ya boti lomwelo.

Ntchitoyi amaiphunzira pogwirira thabwa. Mnyamata amayamba ndi kuwongola misomali ndi kutenthetsa phula, ndipo pamapita nthawi asanamulole kudula nthiti. Kulinso malo a boma okhomera maboti ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, koma ambiri a m'mbali mwa nyanja luso lawo n'lapamchenga. Mavuto awo ndi odziwika: mlombwa ndi mbawa zikusowa, matabwa akukwera mtengo, ndipo wina akasimidwa amakhoma ndi matabwa aawisi amene amasiya mipata akauma. Mwera sumvera madandaulo amenewo. Umafufuza thabwa lofooka n'kulowera pomwepo.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti pulani yonse ya boti imakhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Mmisiri akadwala, ntchito imaima. Akamwalira, miyeso yake imapita naye kumanda. Ndipo mwini boti akati "tinapangana lalitali kuposa apa", palibe pepala loti liwaweruze.

Nyanja yathu inaphunzitsapo kale za kuopsa kotaya chizindikiro. Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow mu 1899, n'kubwera kuno ili zidutswa zoposa 3,000. Chidutswa chilichonse chinali ndi nambala, koma mankhwala oteteza dzimbiri amene anakuta zitsulozo anabisa manambalawo. Amisiri anavutika kufananitsa zidutswa mpaka sitimayo inalowa m'madzi mu 1901. Ilala, imene imafika pa Chilumba, nayonso inapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, ndipo inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba ntchito mu 1951. Wojambula anali kutsidya kwa nyanja zamchere, wokhoma ali kuno. Chowagwirizanitsa chinali pepala ndi nambala basi.

Lero m'mafakitale akuluakulu a sitima, monga a Hyundai ku Ulsan m'dziko la South Korea, ntchito ya pepala ija imagwiridwa ndi kompyuta. Sitima yonse amayamba aijambula mkati ndi kunja chitsulo chisanadulidwe. Woika mapaipi amaoneratu ngati paipi yake ikugundana ndi mawaya a mnzake. Makina odula zitsulo amawerenga miyeso kuchokera pachojambula chomwecho, ndipo injiniya akasintha kanthu, wogula zipangizo ndi wowotcherera amaona kusinthako nthawi yomweyo.

Ku Ngara kulibe makina otere, ndipo boti la chilimira silikuwafuna. Koma foni inafika kale pamchenga. Mwini zida amene ali kutali amalandira zithunzi pa WhatsApp n'kuona pamene boti lake lafika. Mmisiri amaimbira wocheka kumuuza kutalika ndi makulidwe a matabwa, ndalama n'kupita pa Airtel Money kapena Mpamba, popanda wina kuwononga tsiku pamsewu. Uthenga wolembedwa pafoni umasanduka mboni pakabuka mkangano wa mtengo.

Chotsala n'chaching'ono koma chofunika. Boti likaonetsa kuti limalimba pa mwera, miyeso yake ilembedwe: kutalika kwa msana, kutalikirana kwa nthiti, mtundu wa matabwa, kukula kwa injini. Mwana wasukulu wa pakhomo pa mmisiri angathe kuzijambula ndi kuzisunga pafoni madzulo amodzi. Makomiti a m'madoko ndi alangizi a zausodzi angathandize kuti miyeso yabwino ifike kwa amisiri achinyamata, ndiponso kwa oyendera zombo amene amaona ngati boti n'loyenera kunyamula anthu. Mmisiri sataya ulemu polemba zimene akudziwa. Alovi amene akupalasa kulowera pakati pa nyanja dzuwa likamalowa adzakwerabe boti la miyeso yake ngakhale iye atasiya kugwira hamala.