Kompyuta Nayo Iri ndi Kadi Yace ya ku Sikelo

KABWE: Mai ali yense adziwa kuti kupima mwana kamodzi sikuulula kanthu. Mzere wa pa kadi ya ku sikelo, mwezi ndi mwezi, ndiwo uonetsa ngati mwana akula kapena wayamba kuonda. Makompyuta akulu osunga maina ndi zotsatira za mayeso m'masukulu onga Yunivesite ya Mulungushi, imene inakhazikitsidwa mu 2008 kumpoto kwa Kabwe, afunika kupimidwa motero.

Pulogalamu yodziwika pa nchito imeneyi ichedwa sar. Inayambira m'makina a Unix, ndipo Sébastien Godard anailembanso kuti igwire mu Linux. Pa mphindi 10 ziri zonse, usana ndi usiku, ilemba m'kaundula kulemera kwa nchito imene makina asenza, malo amene awatsalira, ndi kucuruka kwa mauthenga olowa ndi oturuka. Tsiku liri lonse liri ndi tsamba lace.

Phindu lace lioneka pa tsiku la bvuto. Makina akaima pa nthawi yolembetsa maphunziro, mwana wanu ali pa mzere, katswiri angathe kuwazima ndi kuwayatsanso, koma potero zizindikiro za matenda zifafanizika. Kaundula ndiye anena ora limene bvuto linayamba, ndiponso ngati linali kukula pang'onopang'ono.

Cenjezo nlakuti m'makina ena sar ikhala cigonere kufikira munthu ataiyatsa. Masamba akale nawo atayidwa pakapita masiku 7, kwina 28. Katswiri wosatalikitsa masikuwa sangalinganize temu ino ndi temu yatha.