Khofi wokazinga si chimanga cha m'nkhokwe

Mayi wina anabwera komwe ndimakazingira khofi, paketi ili m'manja, nkhope ili gwaa. Akuti tinawagulitsa khofi wabodza. Ndinayang'ana tsiku lolembedwa papaketipo: khofi wa ku Misuku amene ndinakazinga ndekha miyezi isanu m'mbuyomo. Nditanunkhiza mkati, fungo linandilonjera linali la usipa.

"Mayi, khofiyu mumasunga pati?"

"M'firiji, achimwene, kuti asaonongeke."

Sindinawaseke, poti ambiri amaganiza chomwecho. Timaona njere zouma, zolimba, n'kumaziyesa mbewu ngati chimanga kapena nyemba. Njere yaiwisi, yobiriwira ija, imapiriradi. Ikauma bwino, chinyezi chake n'kutsikira pakati pa 10 ndi 12 pa 100, imatha miyezi yambiri m'chiguduli ili bwinobwino. Koma ikangolowa m'makina okazingira, nkhani yasintha. Kutentha kumafika madigiri 200 n'kupitirira, njere imatupa, imathetheka ngati mbuliwuli, ndipo mkati mwake mumasanduka timabowo tambirimbiri ngati khala. Kuyambira pamenepo ndi chakudya chophikidwa kale, mbale wake wa mtedza wokazinga.

Amene anasinjapo mtedza akudziwa kale theka la ntchito yanga. Mtedza wokazinga ukakhala pamtunda umafewa, kenako mafuta ake amayamba kafungo kachikale. Nsinjiro ndiye sizichedwa n'komwe. Khofi nayenso ali ndi mafuta, ndipo mpweya wa okosijeni ukawapeza amaguga chimodzimodzi. Mukamupera, kanjere kamodzi kamasanduka tizidutswa mazanamazana, kalikonse n'kukumana ndi mpweya. Fungo lokoma limene limadzaza nyumba popera lija, dziwani kuti ndi kukoma kumene kukuthawa. Choncho ngati mungathe, gulani njere zosapera, muzipera zokwanira kumwa nthawi yomweyo. Kachigayo kopukusa ndi manja n'kokwanira. Kamtondo nakonso kamagwira ntchito, bola kasakhale kosinjira tsabola kapena adyo.

Pali funso limene ndimafunsidwa pafupifupi sabata iliyonse: kabatani ka pulasitiki kali papaketi kaja n'kachiyani? Ena amafinya paketi m'sitolo kuti anunkhize, poganiza kuti ndiyo ntchito yake. Ayi. Khofi akangokazingidwa amatulutsa mpweya wa carbon dioxide kwa masiku angapo, wambiri moti paketi yomata ikhoza kufufuma mpaka kuphulika. Kabataniko kamatulutsa mpweyawo koma sikalola wakunja kulowa. N'chifukwa cha carbon dioxide yemweyunso kuti khofi wokazingidwa dzulodzulo sakoma kwenikweni. Ine ndimamusiya apume masiku anayi kapena asanu. Akapuma, amakhala pachimake kwa mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Pambuyo pake sakudwalitsani, amangozilala. Tsono pogula funani tsiku limene anakazingidwa. Tsiku lakuti "mugwiritse ntchito lisanafike" limakhala patali, mwina chaka chathunthu, ndipo silinena kanthu za kukoma.

Tibwerere kufiriji ya mayi aja. Timabowo tija timayamwa fungo lililonse, la nsomba, la anyezi, la ndiwo za dzana. Chinanso, mukatulutsa paketi yozizira m'khitchini yofunda, imachita thukuta ngati botolo la chakumwa chozizira, ndipo chinyezicho chimalowa m'njere. Mawa mukatulutsanso, chimodzimodzi.

Mbali youmitsa ya firiji, ya madzi oundana ija, ndi nkhani ina. Kuzizira kwake kumachedwetsadi kuguga, ndipo akatswiri ambiri amasungiramo khofi wawo wapamtima. Koma mugawe m'timapaketi ting'onoting'ono totsekeka bwino, mutulutse kamodzi, mudikire kafunde musanatsegule, ndipo musakabwezeremonso. Ineyo kuno kwathu sindiilimbikitsa kwenikweni. Magetsi akamathimathima, khofi amaundana n'kusungunuka kangapo pasabata, ndipo phindu lonse lathera pomwepo.

Malo abwino ndi osanyadirika: kabati yamdima, kutali ndi mbaula, kutali ndi zenera. Ngati paketi ili ndi zipi ndi kabatani kaja, musiyeni momwemo, muzingofinya mpweya musanatseke. Apo ayi, chitini kapena botolo lotsekeka thi, laling'ono lolingana ndi khofiyo, chifukwa botolo lalikulu lokhala ndi khofi pansi pokha ladzaza mpweya. Mabotolo agalasi oika pashelefu kuti alendo aziona amakongoletsa khitchini, koma dzuwa la Okutobala limamumaliza khofi msanga. M'dzinja, makamaka ku Mzuzu, Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje kumene chinyezi chimachuluka, musaiwale kutseka ngakhale kwa ola limodzi, ndipo supuni yonyowa isalowemo.

Chimene chimandipweteka mtima ndi khofi wa mphatso. Munthu wapatsidwa paketi yabwino ya Mzuzu Coffee, waibisa m'kabati kudikira alendo a Khirisimasi. Mlimi wa ku Phoka kapena ku Viphya anadikira zaka zitatu kuti mtengo uyambe kubereka, anathyola zipatso zofiira zokhazokha ndi manja, kuzimenya, kuzitsuka, kuziyanika pathandala. Thukuta lonselo n'kukazilalira m'kabati.

Paketi ya magalamu 250 imatulutsa makapu pafupifupi 15. Ngati mumamwa kapu imodzi patsiku, ndiye kuti milungu iwiri yatha. Gulani yomweyo, osati kilogalamu, ndipo mukaitsegula imwani.